Chipewa pa Diso la Geti

Chipewa cha Safeli anachipeza pamene mwini wake ankachikoleka masiku onse, pa kadiso kakuda ka pa chipilala cha geti. Mwini wakeyo anamupeza pansi, mapazi asanu kuchoka pamenepo, atapanidwa pakati pa geti ndi khoma, tsache likadali m'manja. Linali Lolemba, nthawi itangokwana teni koloko m'mawa. Pofika Lachinayi, pamene Lusubilo, mng'ono wake wa malemuyo, anadzaimanso pamalopo, mchenga unali utakwirira kale pomwe anthu anatsuka ndi paipi.

Getilo linali lachitsulo, lalitali ngati basi, loyenda pa njanji, ndipo linkatseka mpanda wa nyumba makumi anayi ku Parklands. Mphepo ya ku Cape Town ikauka, imanyamula mchenga wa kunyanja n'kudzauthira m'njanjimo. Safeli, amene anasamala maluwa ndi kapinga mumpandamo kwa zaka zisanu ndi ziwiri, ankausesa m'mawa uliwonse atagwada. Anali ndi kachitidwe kake. Ankatsegula geti, kuvula chipewa, n'kuphimba nacho kadiso kaja. Diso likaphimbidwa, geti limayesa kuti pakudutsa galimoto, ndiye silisuntha. Anachita zimenezo kosawerengeka, msana ataulozetsa ku geti, timawaya ta foni tili m'makutu, akumvera wailesi ya kumudzi.

Choncho funso la apolisi linali limodzi: geti linatseka bwanji chipewa chili pa diso?

Yankho analipereka ndi Lusubilo yemwe. Iye ankagwira ntchito pa kakampani ka a Jerome, kamene kankasamala mageti a magetsi m'dera lonselo, kuphatikizapo ili. Lachiwiri, Sajeni Safia, mayi wamfupi wovala mpango wakuda amene sankataya mawu, anamuonetsa pepala lochokera m'bokosi loyendetsa geti. Pepalalo linkasonyeza kuti pa teni koloko ndi masekondi asanu ndi awiri, bokosi linalamula geti kuti lisasunthe. Anamufunsa ngati pali china chimene chingatseke geti bokosi litakana. Lusubilo anati chilipo chimodzi, batani lofiira la m'kanyumba ka mlonda, munthu ataligwira osalisiya. Mlonda wa tsikulo anali Fainos. Ndipo anthu atatu anali atamumva Fainos sabata yapitayo akuuza Safeli kuti tsiku lina adzamupana ndi geti lomwelo.

Fainos anagona m'chitolokosi kuyambira Lachiwiri lomwelo. Mawa lake, Lachisanu, ankayenera kukaonekera kukhothi pa mlandu wakupha. Loweruka, Lusubilo ankayenera kunyamuka ndi maliro pa ulendo wa masiku anayi wopita ku Karonga.

Iye anangobwera kudzatenga zinthu za mkulu wake m'kashedi kosungiramo zipangizo: jombo, ndowa yabuluu, kabotolo ka mafuta opaka msana. Akutuluka nazo, mayi wina amene anakhala pa mwala tsidya la msewu anaimirira n'kumutchula dzina.

Anati ndi Nora, mkazi wa Fainos, ndipo wachokera ku Gugulethu, matekisi awiri, atasiya tebulo lake la masamba m'manja mwa mnzake. Chichewa chake chinali cha anthu obadwira ku Harare, chopendekera ku Chishona.

"Sindinabwere kudzalira, mukoma," anatero. "Kulira ndi kwanu. Ine ndabwera kuti mumve."

"Amuna anu adya m'mawa uno, mayi. Achimwene anga ali m'firiji ku mochale."

Nora anameza mawuwo osaphethira. Anati akudziwa kuti mwamuna wake, baba a Rudo, ali ndi pakamwa. Koma kodi Lusubilo akudziwa chimene awiriwo anayambanirana? Safeli ankamuseka Fainos pamaso pa anthu kuti ndi Mmalawi wa papepala, amene sangatchule ngakhale dzina la mudzi wa agogo ake. Fainos, amene anabadwira ku Mufakose, mu Harare, ndipo dziko la makolo ake sanalipondepo, ankabwera kunyumba atatupa nazo mtima. Tsiku limene anthu atatu aja anamumva, anangophulika. Koma Lachisanu, masiku atatu imfa isanachitike, Safeli anamupatsa chinthu.

Nora anatulutsa m'chikwama kachidutswa ka katoni kong'ambidwa ku bokosi la feteleza. Panali msewu wojambulidwa ndi bolopeni, mtanda woimira tchalitchi, ndi dzina la mudzi wina wa ku Ntcheu. Lusubilo anazidziwa zilembozo, zazikulu, zogwera kumanzere. Safeli anali ataimbira anthu mafoni mlungu wonse mpaka anaupeza mudzi wa agogo ake a Fainos, ndipo mng'ono wake amene ankagona naye chipinda chimodzi ku Dunoon sanamuuzeko.

"Munthu angaphe amene wamupatsa ichi?" Nora anafunsa.

Lusubilo anati munthu angathe chilichonse. Koma mawu ake anatuluka opanda mphamvu.

Kenako Nora anafotokoza zimene mwamuna wake anauza apolisi. Waya wa magetsi wa pamwamba pa mpanda uli ndi belu, ndipo belulo likalira, mlonda amathamangira kuseri kwenikweni, pafupi ndi dziwe losambira, kukalizimitsa ndi kiyi. Fainos akuti nthawi imeneyo anali kumeneko. Sajeni akuti palibe anamuona.

"Koma belu si la maso, mukoma, ndi la makutu. Alipo anamva. Azimayi ogwira ntchito m'nyumbamu ine sandiyankha, akuti ndine wa ku Zimbabwe. Apolisi amawathawa. Inu ndinu wakwawo."

Lusubilo anayang'ana katoni kaja kachiwiri. Anaika jombo pansi n'kubwerera mumpanda.

*

Nyumba yoyandikana ndi dziwe inali nambala 38, ndipo ankagwiramo ntchito Jennie, mayi wa ku Embangweni amene ankaimba kwaya imodzi ndi Safeli. Lusubilo anamupeza kuseri akuyanika mabulangete. Atamuona, Jennie anakhala pansi pa sitepe n'kulira kaye, mwakachetechete kuti madamu asamve, kenako anadzipukuta ndi epuloni n'kuyamba kulankhula mothamanga monga mwa chizolowezi chake.

Anati Lolemba amalikumbuka bwino, chifukwa Lolemba ndi tsiku losita. Anali pa shati lachitatu la abwana pamene simbi inazizira m'manja. Nthawi yomweyo belu linayamba, ndipo galu wa madamu, amene amaliyankha belulo ngati ndi m'bale wake, anayambanso kuuwa. Anasuzumira pawindo n'kuona Fainos akubwera chothamanga, dzanja lina lili pa kiyi, lina litagwira buluku, paja lamba wake ndi wa chingwe. Analizimitsa. Jennie anamuitana kuti adzatenge buledi wotsala, ndipo anali akadali pawindo pomwepo, akukangana ngati buledi wa masiku atatu ndi mphatso kapena chipongwe, pamene galimoto inayamba kuliza hutala ku geti, osaleka.

"Safeli sanakuwe yayi," anatero. "Ndikanamumva. Mawu ake ndimawadziwa, amaima kumbuyo kwanga pa kwaya."

Lusubilo anayang'ana kumbali. Kenako anafunsa ngati anawauza apolisi zimenezi.

Jennie anapukusa mutu. Apolisi atalowa mumpanda iye anadzitsekera m'chipinda chochapira mpaka madzulo. Pepala lake lokhalira muno linatha chaka chatha. Ali ndi ana atatu kumudzi amene amadya chifukwa cha simbi imeneyi.

"Usandipemphe zimenezo, mwana wa kwathu. Ndimupempherera Fainos usiku ndi usana, koma kupolisi yayi. Ukanditchula ndikana."

Lusubilo sanamukakamize. Mantha amenewo ankawadziwa. Anatsanzika, n'kuyenda mapazi angapo, kenako anaima.

"Mwati simbi inazizira, amayi?"

"Eya. Magetsi anathima teni koloko, monga analengezera. Ndinachedwa ndine kuyamba."

Magetsi. Pepala la Sajeni silinanene za magetsi. Palibe anaganiza zoti atchule, chifukwa masiku amenewo magetsi ankathima kawiri katatu pa tsiku, ndipo geti lili ndi batire. Ngati Fainos anali pawindo la Jennie, batani lofiira palibe analigwira. Ndipo ngati palibe analigwira, kunatsala malo amodzi okha oyang'anamo.

*

Bokosi linali lotuwa, lomangiriridwa kuseri kwa chipilala. Lusubilo analitsegula ndi kiyi wake, n'kukhala pansi pa mchenga, laputopu ili pamiyendo.

M'katimo munali kakompyuta kakang'ono ngati mtanda wa sopo. Kanali kotchipa, ndipo kanali ndi khomo limodzi lokha lolankhulira ndi zakunja, mawaya atatu amene amisiri amawatcha poti. Pa poti imodziyo pankalankhula awiri. Woyamba anali dalaivala, osati wa galimoto, koma kapulogalamu kotumiza malamulo kwa mota ya geti. Wachiwiri anali kenelo, phata la makina onsewo, imene imadandaulira pa poti yomweyo china chikavuta, kaya kutentha, kaya kuchepa kwa mphamvu. Mota ikamva mzere umene sikuudziwa, imautaya wonse. Ilinso ndi khalidwe lake: geti likakhala chotsegula masekondi makumi atatu, imalitseka yokha, pokhapokha itamva lamulo la zilembo zinayi, HOLD, loti isasunthe. Chipewa chikakhala pa diso, bokosi limatumiza lamulolo masekondi makumi awiri aliwonse. Limodzi likatayika panjira, mota imafika pa makumi atatu isanamve lina, ndipo geti limangofuna masekondi asanu ndi atatu kuti lifike pakhoma.

Kuti awiri aja asalankhulire pamodzi, opanga makinawo anaikamo loko. Lusubilo anamufotokozerapo Safeli tsiku lina kuti zili ngati chimbudzi cha pabwalo lawo ku Dunoon, mabanja asanu ndi limodzi, kiyi mmodzi pa msomali. Watenga kiyi ndiye walowa, wina aliyense adikire ngakhale zitamupana. Safeli anaseka, nati ndiye kuti kompyuta nayonso ndi yosauka.

Koma loko ameneyu anali ndi vuto m'bokosi ili. Nthawi zina magetsi akathima, kenelo inkadzidzimuka n'kufuna kudandaula pa nthawi imene dalaivala wagwira loko. Kenelo inkamudula dalaivala pakati pa ntchito n'kuyamba kudikira loko. Dalaivala sakanamaliza kuti abweze lokoyo, chifukwa amene wamudula sanamusiye. Onse awiri ankangodikirana, bokosi n'kuuma gwa. Likauma, mota inkaleka kumva chilichonse, ndipo amene ankaitanidwa kudzamasula geti ndi kulikankha ndi manja, galimoto iliyonse ikafika, anali Safeli. Masiku ena ankakankha maulendo makumi atatu. Madzulo ankagona chafufumimba pa matiresi, Lusubilo akumupaka mafuta aja pamsana.

"Iwe wasukulu," ankatero nkhope ili mu pilo, "zaka ziwiri ku koleji, ukulephera geti?"

Zinalidi zaka ziwiri. Bambo awo atamwalira, Lusubilo anapita kumaliro ndipo ku koleji sanabwererenso. Safeli ndiye anamuitanitsa kuno, n'kumupezera malo kwa a Jerome, n'kumauza aliyense kutchalitchi kuti mng'ono wake ndi injiniya. Za maloko a m'kati mwa kenelo amaphunzitsa chaka chachitatu.

Mu Juni, Lusubilo anakhala masiku anayi akuwerenga mpaka anapeza pamene bokosi linkaumira. Njira yoyenera inalipo, yoichotsa kenelo pa potiyo kuti izidandaulira kwina, kapena yokonza kadikiridwe kake, koma iye sankaidziwa bwino, ndipo msana wa mkulu wake sunkadikira. Anafufuta mizere iwiri, wotenga loko ndi wobweza loko. Kuyambira tsiku limenelo kenelo inkalankhula nthawi imene yafuna, osafunsa ngati pali wina pakhomo. Bokosi silinaumenso. A Jerome anamugulira gatsby, chibuledi chachitali chodzaza tchipisi ndi soseji, ndipo theka lake anapita nalo kwa Safeli.

Pepala la Sajeni linali la zimene bokosi linanena kuti latumiza. Koma mota nayo imasunga mizere yomaliza imene yamva, ngakhale palibe amaiwerenga. Kuyambira Lolemba geti linali lomasulidwa, likukankhidwa ndi mlonda watsopano, choncho palibe chatsopano chinalembedwa pamwamba pake. Lusubilo analumikiza waya.

HOLD. HOLD. HOLD. Mzere uliwonse woyera, masekondi makumi awiri pakati. Kenako, pa teni koloko ndi masekondi asanu ndi awiri:

UnHdOer-vLolDtage

Dandaulo la kenelo loti mphamvu yachepa, ndi lamulo la dalaivala, zitalowerana ngati zala za manja awiri. Pambali pake mota inalemba kuti mzerewu yautaya.

Sanafunikire kuuwerenga kawiri. Anangokhala, mphepo ikumuthira mchenga m'maso, iye osaupukuta.

*

Bokosi likatsegulidwa, foni ya a Jerome imalira. Pasanathe theka la ola, kagalimoto kawo koyera kanaima pa kapinga amene Safeli ankaletsa anthu kupondapo. Anali bambo wamkulu thupi, wa imvi m'ndevu, amene ankasakaniza Chingerezi ndi Chiafrikaansi ndipo ankatcha aliyense boeta, ndiye kuti m'bale. Anawerama ndi mabondo awo ovuta, n'kuyang'ana pa laputopu. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi pa mchenga pomwepo, zimene Lusubilo anali asanawaonepo akuchita.

Anafunsa kuti mizere iwiriyo anaichotsa m'mageti angati. Lusubilo anati onse khumi ndi limodzi, monga iwo anamuuzira mu Julayi. A Jerome anatseka maso. Limodzi mwa magetiwo linali la pa sukulu ya mkaka ku Table View.

Atayambanso kulankhula, mawu awo anali otsika. Anati akupita pompano kukamasula la ku sukulu ya mkaka kuti likhale la manja. Mawa azungulira onse awiri, kubwezera mizere ija mwakachetechete. Palibe wina afenso. Ndipo zimene mota yasungazi zimakhala ndi moyo chifukwa cha kabatire kakang'ono ngati batani la malaya. Kakachotsedwa masekondi khumi, zonse zimafufutika.

"Nanga Fainos?"

A Jerome anati umboni wa apolisi ndi wochepa, ndipo loya wabwino amutulutsa. Loyayo amupeza okha. Mwina miyezi itatu, mwina isanu ndi umodzi, akudikira mlandu.

"Mwina osatuluka," anatero Lusubilo.

"Mwina." Sananame. Anachotsa magalasi n'kupukuta m'maso ndi chala chachikulu. "Tamvera, boeta. Safeli ankandipatsa mbande za tomato chaka chilichonse. Usaganize kuti sizikundipweteka. Koma iwe ulibe dipuloma, ulibe chilolezo chogwira makina amenewa. Ine ndinakulola, ndipo ndinasangalala nazo. Tikamira timira tonse, koma woyamba ndiwe. Tenga m'bale wako upite naye kwanu. Mayi ako akufuna mwana mmodzi woima pamanda."

Anaika kasikuludilaiva kakang'ono pa bondo la Lusubilo, n'kudzuka movutikira. Anati abweranso fili koloko.

Galimoto itapita, foni inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa mawu wochokera kwa mayi ake. Mawu awo anali atasasa ndi kulira kwa masiku atatu. Ankati manda akumbidwa pafupi ndi a bambo ake, ndipo abale a ku Songwe afika kale. Ankafunsa ngati wamuveka suti yakuda ija kapena yabuluu. Pomaliza anati amene wapha mwana wawo, iwo alibe naye mawu, amuona ndi Mulungu.

Lusubilo anaumvera mpaka kumapeto. Anatsegula chivundikiro cha mota. Kabatire kanali pomwepo, kowala, kosavuta kufikira. Anaika nsonga ya sikuludilaiva pansi pake n'kumva kakusuntha pang'ono.

Tsidya la msewu Nora anali akadali pa mwala uja. Sankamuyang'ana. Anali ataika katoni kaja pa bondo, akukasalaza ndi chikhatho kuti mphepo isakapinde.

*

Lusubilo atamuimbira foni, Sajeni Safia anafika thu koloko itadutsa, nkhope ili yoti ali ndi milandu ina isanu ikumudikira. Lusubilo sanayambe ndi kufotokoza. Anamupempha kuti atulutse mlonda watsopano m'kanyumba, atseke chitseko, kiyi asunge yekha. Sajeni anamuyang'ana kaye, kenako anachita zimenezo.

Lusubilo analumikizanso geti ku mota n'kulitsegula lonse. Anavula chipewa chake n'kuphimba nacho diso. Ndowa yabuluu ya Safeli anaiika pa njanji, pafupi ndi khoma, pomwe mchenga unali utakwirira. Kenako anaima pa switchi yaikulu ya magetsi a geti, maso ali pa laputopu, n'kuyamba kuwerenga masekondi chamumtima. Atafika pa makumi awiri anathimitsa. Bokosi linagwera pa batire. Anadikira. Geti silinasunthe.

Anayatsa, n'kuyambanso. Kachiwiri, palibe. Kachisanu, palibe. Pa laputopu dandaulo la kenelo linkabwera lisanafike lamulo, kapena litadutsa kale, mizere iwiri yosiyana, yoyera. Sajeni anafunsa kuti akuyembekezera chiyani. Lusubilo anati awiriwo ayenera kufika pakhomo nthawi imodzi, osasiyana ngakhale kuphethira kwa diso, ndipo zimenezo sizichitika kawirikawiri. Miyezi itatu yonse sizinachitike, kapena zinachitika pa njanji palibe munthu.

Kakhumi, Sajeni anayang'ana wotchi. Kakhumi ndi kawiri, anati akumvetsa kuti munthu woferedwa amafuna chifukwa cha chilichonse, koma iye ayenera kupita. Lusubilo anayatsa n'kuyambanso. Thukuta linkamutsikira m'khosi. Anadzipeza akupempha mumtima zinthu ziwiri zotsutsana, kuti lisunthe ndi kuti lisasunthe, ndipo sankadziwa kuti akupempha kwa yani.

Kakhumi ndi kasanu ndi kawiri, mzere unatuluka wolowerana.

"Werengani mpaka teni," anatero.

Sajeni sanawerenge, koma sanachoke. Mphepo inkawomba. Kenako geti linayamba kuyenda. Linalibe phokoso, mawilo ake ankangoti sii pa njanji yosesedwa bwino zaka zisanu ndi ziwiri. Munthu wogwada, wailesi ili m'makutu, sakanalimva. Chipewa chinali pa diso. Kanyumba ka mlonda kanali kotseka, kiyi ali m'dzanja la Sajeni. Geti linafika pa ndowa, n'kuikankhira kukhoma, ndowa n'kulira phwa, n'kung'ambika kuyambira kukamwa mpaka pansi. Patapita masekondi awiri lamulo lotsatira linafika, loyera, ndipo mota inamvera n'kuima.

Nora anali ataimirira, dzanja lili pakamwa.

Sajeni anapita kukagwira chitseko cha kanyumba, ngati akufuna kutsimikiza kuti n'chotsekadi. Anabwerera n'kuyang'ana mzere wa Lolemba umene Lusubilo anamulozera, kenako wa lero, mizere iwiri yofanana matenda. Anaijambula ndi foni, n'kujambulanso mota ndi kabatire kake. Anafunsa ngati makinawa anabwera chonchi kuchokera kwa opanga.

"Ayi. Munali loko woletsa zimenezi. Anachotsedwa mu Juni."

"Anachotsa ndani?"

Lusubilo anayang'ana ndowa ija. Pa chogwirira chake panali waya wa kopa umene Safeli anakulungapo chitaduka, waya umene anapempha kwa iye.

"Ndine."

Sajeni anatsitsa foni. Kwa nthawi yoyamba chiyambire Lachiwiri anamuyang'ana ngati munthu, osati ngati mboni. Anamufunsa ngati akudziwa kuti akanena zimenezi pa pepala, pasipoti yake itsala kupolisi, ndipo Loweruka sapita kulikonse. Lusubilo anati akudziwa. Anamufunsa kuti nanga maliro aperekeza ndani. Anati sakudziwa. A kutchalitchi apeza munthu. Anawonjezera kuti pali mageti ena khumi, ndipo mndandanda wake uli pa laputopu. Za sikuludilaiva sananene. Za Jennie sananene.

Anapempha chinthu chimodzi, kuti asanapite abwezere loko. Kenelo yakale, ya mizere yonse, anali akadali nayo. Ikhoza kuumanso magetsi akathima, ndipo wina adzakankha geti ndi manja, koma siingachite ichi. Sajeni anafunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji.

"Mphindi zinayi."

Zinatengadi mphindi zinayi. Anakhala pa mchenga akuyang'ana kamzere kobiriwira kakudzaza pang'onopang'ono, ndipo ankaganiza za madzulo onse a miyezi itatu imeneyo, pamene Safeli ankabwera kunyumba akuyenda chowongoka, n'kumumenya kambama kachibwana pankhongo, akuti injiniya waphika chiyani. Mphindi zinayi zinalipo tsiku lililonse mwa masiku amenewo. Bokosi linazima n'kudzukanso. Analitseka, natsegula geti kuti galimoto ya Sajeni itembenukire mumpanda, n'kupereka laputopu ndi makiyi.

Nora anawoloka msewu. Anaima patsogolo pa Lusubilo. Sanathokoze. Lusubilo anaona kuti zili bwino choncho. Mayiyo anafunsa Sajeni kuti afike nthawi yanji mawa kukhothi, anapinda katoni kaja mosamala n'kukabwezera m'chikwama, n'kuyamba kuyenda kulowera kokwerera matekisi.

Sajeni anamutsegulira chitseko chakumbuyo. Jombo ndi kabotolo ka mafuta anamulola kukhala nazo pamiyendo. Foni inanjenjemeranso m'thumba, ndipo Lusubilo anadziwa kuti ndi mayi ake, akufuna yankho la suti, yakuda kapena yabuluu. Anaisiya ikunjenjemera.

Galimoto itatuluka, anatembenuka n'kuyang'ana pa galasi lakumbuyo. Chipewa chake anachiiwala pa diso. Geti linali chotsegula, litaima nji pa njanji yake. Anawerenga masekondi makumi atatu, kenako makumi anayi, kenako makumi asanu ndi limodzi, mpaka anakhota pa msewu waukulu. Silinasunthe.